Tsiku limene amalume anandilanda choko

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Lifuwu tili bwino. Amayi mwendo uja wasiya kutupa, ayambanso kupita kumunda wa mpunga.

Sabata yatha amalume, apulofesa athu aja, anabwera pasukulu pathu kudzaona ophunzira awo a ku yunivesite amene akuyeserera uphunzitsi. Anandipeza m'kalasi mawu anga atasasa, ana akusokosera ngati pamsika wa nsomba. Nditawaona amalumewo, misozi inangotsika yokha. Ndinawauza kuti ndatopa, ndikusiya ntchito, ndipo inu mukundifunira ina kumeneko.

Sanandikalipire. Anangoti, "Tadala, bweretsa chokocho, kakhale kumbuyo upume." Anaphunzitsa masamu mpaka belu kulira, osakweza mawu. Akafuna bata ankangoomba m'manja, ana n'kuyankha, kenako zii.

Masana anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse, ahedi ali pomwepo. Anati zaka zonse zimene akhala akusula aphunzitsi aona kuti ambiri sathawa ana, amathawa kuvutika okhaokha popanda wowafunsa kuti adzuka bwanji. Tinagwirizana zogawa kalasi yanga pawiri, komanso zomakumana Lachisanu lililonse kuti tiziuzana zotilemera.

Achimwene, mawu anga abwerera, ndipo m'mawa ndikumadzuka mtima uli kale kusukulu. Ntchito ija musandifunirenso, ine ndine mphunzitsi. Koma mukamabwera mundigulireko nsapato zafulati, poti ndimaima tsiku lonse.

Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Tadala