Kansimbi ka a Rodwell

Lolemba, 2 Okutobala 2006

Njerwa pawindo lakutsogolo. Magalasi mbwee pa sofa, pomwe mwana wanga Maziko amakhala akamaonera makatuni. Anayamba ndi mazira, kenaka manyi a galu pakhomo, lero izi. Apolisi abwera, aulemu ndithu, afunsa mafunso, apita. Tatsala ife: ine, mwana, ndi Dainess, mnzanga wa ku Zambia amene timagawana naye nyumba. Ku Coolock kuno, kudziko la azungu, ndikamadutsa mumsewu makatani amagwedezeka. Wina akudziwa.

Lachitatu, 4 Okutobala

Dainess wakauza a Rodwell, a takisi aja a kutchalitchi kwawo. Ine sindinamutume. Ndikuweruka kuchipatala cha Beaumont ndawapeza akundidikira pageti.

"Ba Clotilda, manje muzayembekeza mpaka bangene mu nyumba? Ningakupezeleni kansimbi."

Ndinayamba ndaganiza za nsimbi yositira. Ataloza ndi zala ziwiri m'pamene ndinamva kuti akunena mfuti. Ndaseka. Iwo sanaseke.

Shifiti yanga aidziwa bwanji?

Lachinayi, 5 Okutobala

Ku laibulale ya kukoleji, asainimenti osaigwira n'komwe. Ndakhalira kuwerenga za mapistolo. Ilipo ya kagudumu kozungulira, akuti ndiye yabwino kwa wongoyamba kumene chifukwa sivuta. Ina yaphwatalala imalowa zipolopolo zambiri koma imafuna dzanja lolimba. Ndimayesa kakang'ono ndiye kofatsa, kani ndiko kamakankha kwambiri ukawombera. Ine namwino, amene ndinatsukapo bala la chipolopolo, lero ndikusankha mfuti ngati nsapato.

Mayi wa pakompyuta yoyandikana anasuzumira. Ndafufuta zonse.

Loweruka, 7 Okutobala

Ndaimbira shopu ina yogulitsa mfuti za alenje. Bamboyo wati kuno laisensi sapereka kuti munthu adzitetezere, koma ya ulenje kapena ya kalabu yowombera chandamale. Kenaka: dzina lanu ndani, mukuimba kuchokera kuti? Ndadula foni.

Ndiye kuti ya a R. ndi yamseri. Akandigwira nayo, ndende, viza yatha, Maziko atengedwa ndi aboma. Ndikudziwa. Koma windo lidakali ndi katoni.

Lamulungu, 8 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Dainess amanong'ona pafoni m'Chibemba, nditalowa kukhitchini anasiya. Bambo wa nyumba yoyang'anana nafe wandipatsa moni kawiri, chikhalirecho sanandiyankhulepo. A R. atumiza uthenga: mwaganiza bwanji sisita? Changu chonsechi n'chachiyani? Mwina ndi chifundo. Mwina wowatuma alipo.

Maziko wandifunsa m'Chingerezi chake chija chifukwa chake ndikutchinga chitseko ndi mpando. Ndati loko wafooka. Wandiyang'ana nthawi yaitali.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Ndavomera kukangoona. Kungoona basi.

Lachinayi, 12 Okutobala

Ndilembe.

Masana mwana ali kusukulu, a R. ananditengera ku Skerries, pafupi ndi doko. Mphepo, maboti akugundana. M'takisimo munalowa mzungu wina wowonda, dzina sanatchule, anakhala nane kumbuyo. Anatulutsa ziwiri m'chikwama cha masewero, zokulunga m'thaulo. Ndinaloza ya kagudumu ija. Anaiika m'manja mwanga. Kulemera! Yozizira, yonunkha oilo. Pamene pamayenera kukhala nambala panali popala.

Ndinafunsa ngati inaphapo munthu. Mzunguyo anangoyang'ana a R. "Osafunsa maningi, ba sisita," anatero a R. Ndinafunsa ngati muli zipolopolo. Wina anati mulibe, wina anati zilimo. Nthawi imodzi.

Basi wina anagogoda pagalasi kumbali yanga. Sindinaganize chilichonse. Ndinangopezeka ndatembenuka, mfuti ili m'mwamba, chala chili pokokera.

Anali mayi wachikulire, wovala chipewa chaubweya, galu wake pachingwe. Amafuna kufunsa ngati m'takisimo muli malo kuti akwere. Galasi linali ndi nthunzi, sindikudziwa ngati anaona. Anamwetulira. Mzunguyo anandikankhira dzanja pansi uku akutukwana.

Ndinaisiya pampando, ndinatuluka. A R. amakuwa dzina langa. Ndinayenda osacheuka mpaka kusiteshoni, ndinakwera sitima. Ndinasanza m'pepala la pulasitiki tisanafike n'komwe kutauni.

Mayi ujatu ndikanamuwombera kumaso.

Lachisanu, 13 Okutobala

M'mawa ndamufunsa Dainess maso ndi maso, kukhitchini. Ndamuuza zonse. Wakhala pansi, kapu ili m'manja. Akuti iye anangopempha a R. kuti apeze azibambo a kutchalitchi adzatikonzere windo. Za mfuti sakudziwa. Zonong'ona zija amauza mkulu wake kuti akuopa, samafuna ine ndimve. Walira. Ndamukhulupirira, ndikuganiza.

Foni yalira kambirimbiri, sindinayankhe. Tsopano takisi ya a R. yaima tsidya la msewu, injini ikulira, iwo satuluka.

Dainess akuti kupolisi tipite tonse atatu, wapansi, tidutse pakhomo lakutsogolo pomwepo a R. akutiona. Ndati nanga akandifunsa chimene ndimakatani ku Skerries? Wati munene. Wavala kale jekete, akumanga Maziko zingwe za nsapato. Mpando uja wauchotsa pachitseko.