Mayi Owapeza a M'buku

Eschenrode,
9 Novembala 1879

Okondedwa achimwene Valentin,

Kalata yanu ya ku Amerika idafika tikukumba mbatatesi, ndipo ndakhala nayo milungu isanu osayankha. Akundilembera ndi a Ottilie, amasiye a aphunzitsi aja. Akuti ndimayankhula ngati ng'ombe yokwera phiri, koma ndawalumbiritsa kuti asasinthe liwu ndi limodzi lomwe.

Kuno tilipo, mawondo okhawa. Chipale chofewa chagwa kale kawiri, ndipo atsekwe anga atsala atatu.

Mwafunsa za nthano imene mdzukulu wanu wakuwerengerani m'buku, ya ana awiri osiyidwa m'nkhalango, wamng'onoyo atavala nsapato imodzi ya mtengo. Inde, idachoka pakamwa panga. Zaka zitatu zapitazo bambo wina wa magalasi adachokera m'tauni, nalowa m'chipinda chimene amayi timapoteramo ulusi nyengo yozizira, kufuna nthano zakale. Nthanoyo si yanga, ankainena kale agogo a agogo athu, poti njala siidayambire pa ife. Ine ndidangoikamo nsapato yanu ija idatsala m'matope.

Nditanena kuti mayi adawasiya anawo, bamboyo adaimitsa cholembera.

"Mukunena mayi owapeza, eti gogo?"

"Ndati mayi wawo."

"Iyayi, wobereka sangatero. Ana athu sangagone atamva zimenezo."

A Kunigunde, anzathu opota nawo ulusi a mano awiri aja, adamuyang'ana bamboyo pamimba. "Bwana, inu njala mudangoiwerenga. Mabatani a malaya anuwo akuchitira umboni!"

Tonse tidaseka, iye n'kulemba zake.

Tsono mwalemba mokondwa kuti mtima wanu wakhala pansi, poti amene adatisiya pansi pa mtengo paja sanali otibereka. Mukufuna dzina la amayi enieni ndi pamene adagona, kuti muikitsepo mwala. Achimwene, ndidafuna kukusiyani choncho. Mwakula, ndipo bodza limeneli n'lofunda ngati bulangeti. Koma ndikapita ine, palibenso wina wowayankhulira.

Ife tidalibe mayi otipeza. Anali amayi athu, a Elsbeth.

Inu munali ndi zaka zinayi, ine zisanu ndi zinayi, chaka chija mvula idaoletsa tirigu m'minda, bambo atamwalira, tikudya buledi wosakaniza ndi makungwa. Lamulo la mpingo linali lakuti mwana wotoledwa, wopanda kholo, mpingo umudyetse ndi kumupezera banja, koma amene mayi wake ali moyo akadye kwa mayi wakeyo. Choncho amayi adatidutsitsa phiri kubwera dera lino kumene sankatidziwa, mpaka tidamva fungo la utsi wa anthu ootcha makala. Buledi yense adandipatsa ine. Kenaka adandigwira chibwano.

"Apollonia, akakufunsa unene kuti mulibe mayi. Kulira ulire, koma usanditchule."

Ndidamvera. Ootcha makalawo adatitola tsiku lomwelo, zotsatira mukuzidziwa.

Chimene sindidauzepo munthu ndi ichi. Pa Pasaka amayi adabwera pakhomo la tchalitchi, ataonda ngati ndodo, nsapato yanu ija ili m'manja. Adakaifukula m'matope muja. Inu mudabisala kumbuyo kwanga, simudawazindikire. Masaya anu n'kuti atayamba kudzaza. Abusa adandifunsa, "Mwana iwe, mayiyu ukumudziwa?"

Ndidati, "Sindikuwadziwa."

Amayi adagwedeza mutu pang'ono, monga ankachitira ndikapota ulusi wosaduka. Adaika nsapatoyo pakhomopo n'kutembenuka. Kwathu sadakafike. Ootcha makala adawapeza atamwalira m'njira nawaika pansi pa mtengo womwe uja, ndipo nditakula mmodzi wa iwo adandilozera malowo.

Zaka zonsezi mwakhala mukuwada, ine ndili chete, chifukwa ndikadawayeretsa iwo mukadadziwa za ine. Ndiye tsiku lija ndidaseka nawo m'chipinda muja, bamboyo akuwafufuta amayi ndi cholembera, ndidaona kuti ndawakana kachiwiri.

Ngati mtima wanu ukulola, mwalawo uikidwe. Palembedwe kuti Elsbeth, mayi wa Apollonia ndi Valentin. Liwu loti mayi likhale lalikulu, loti ngakhale ine wosawerenga ndilipeze ndi chala. Ngati simungathe, sindikudandaulani, koma mundiyankhe ndisanafe.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse. Mdzukulu wanuyo mumuuze atenge cholembera, akonze liwu limodzi lija m'buku mwake. A Ottilie akupereka moni, akuti inki yafalikira apa chifukwa cha chimfine.

Nsapato ija ili m'bokosi langa, Valentin, ikukwana m'dzanja limodzi. Ukaifuna unene, ndikutumizira. Unali mwana, sudalakwe kanthu.

Ndine mlongo wako,
Apollonia, mwana wa a Elsbeth

Kamtanda aka ndalemba ndekha: +