Rauta Ili Kuchipinda kwa Apongozi

[13:41] Sniper: bae ping yafika 380

[13:41] Sniper: ndikadina kuti ndiombere mfuti ikumalira mawa lake

[13:43] Sniper: bae

[13:55] Madam: ndili ku salon, ndili ndi mutu wa munthu m'manja. ping ndiye chani

[13:55] Sniper: kuchedwa kwa net. imafunika izikhala pansi pa 40. semi final ya game yathu ili 3 koloko

[13:56] Sniper: captain wanena kuti ndikafanso ngati nkhuku lero andichotsa mu timu. aikapo kamwana ka sukulu

[13:58] Madam: zimitsa router uyatsenso monga umachitira

[13:58] Sniper: router ili kuchipinda cha alendo. kuchipinda cha alendo kuli mayi ako. atseka chitseko

[13:59] Madam: gogoda

[13:59] Sniper: ine? kugogoda apongozi akupuma? ndinaleredwa ine

[14:00] Madam: bambo wa zaka 43 kuopa chitseko. mxii

[14:00] Sniper: komanso phone yawo ikumeza net yonse. ulaliki ukatha wina ukuyamba wokha, kuyambira m'mawa

[14:01] Sniper: ayimbire iweyo pls. koma usanene kuti ndine

[14:06] Madam wapanga gulu "kambiranani nokha"
[14:06] Madam waika Sniper ndi Amayi

[14:09] Amayi: Mwaswera bwanji nonse. Uyu wa chithunzi cha chigaza ndi ndani?

[14:09] Madam: mkamwini wanu

[14:11] Sniper: mwaswera bwanji amayi. pepani kukusokonezani. mwapumako bwino? msana uja uli bwanji?

[14:11] Madam: kkkkk tamumvani ulemuwo. funsa za router iwe, nthawi ikutha

[14:12] Sniper: amayi kuchipindako kuli kabokosi koyera ka tinyanga tinayi. kaya mwakaonako

[14:16] Amayi: [voice note 0:29] "Kaja kophethira kaja? Ndinakaika mu wodilopu dzana, pansi pa mabulangete. Munthu sungavale kanthu kakukuyang'ana ndi maso obiriwira. Tinyangato ndinatipinda kuti chitseko chitsekeke. Koma chingwe sindinazule ayi, ndikudziwa kuti ndi katundu wa eni."

[14:16] Sniper wafufuta uthenga

[14:17] Sniper: munachita bwino amayi

[14:17] Madam: ndinauwerenga uja wafufuta uja

[14:18] Sniper: amayi ngati sikukuvutitsani mungakatulutse. kamafuna pamalo pokwera, popanda chotchinga. tinyangato tiime chilili

[14:25] Amayi: Ndakaika pamwamba pa wodilopu. Katentha ngati kali ndi malungo.

[14:25] Sniper: 210!! zkm kwambiri amayi. chitseko nacho chikanatsegulidwa pang'ono

[14:28] Amayi: Ndatsegula.

[14:28] Sniper: 120. tikupita amayi tikupita

[14:29] Sniper: tsono pali kavidiyo kakusewera pa phone yanu

[14:30] Amayi: Abusa ali pakati pa pemphero. Munthu sadulidwa akulankhula ndi Mulungu.

[14:30] Sniper: zoona amayi

[14:38] Sniper: bae abusawa amatha nthawi yanji

[14:38] Madam: walemba pagulu

[14:38] Sniper: ndimangofunsa, akulalikira bwino kwambiri

[14:44] Amayi: Anena amen. Ndazimitsa.

[14:44] Sniper: 75. yatsikabe koma siinafike

[14:47] Sniper: 29

[14:47] Sniper: 29!!! amayi mwatani

[14:48] Amayi: Kanali ndi fumbi. Ndakanyamula, ndaima nako pakhomo pano kuti ndizipukuta poyera.

[14:48] Sniper: amayi ndikupempha ndi mtima wanga wonse. musasunthe

[14:49] Madam: iwe uli bwinobwino?? amayi anga si mlongoti wa network

[14:49] Sniper: chingwe chikuthera pomwepo bae, ndipo pakhomopo palibe shelefu

[14:51] Amayi: Musiye mwana. Ndakhala pa sutulu yaitali ija, kabokosi ndakaika pamutu. Ndinasenzapo zolemera kuposa aka. Kompyuta yake ndikuiona bwino ndili pano.

[14:52] Madam: Ambuye ndithandizeni. kasitomala akufunsa ndikuseka chani

[15:04] Amayi: Ayamba. Avala zakumakutu, akukuwa.

[15:07] Amayi: Awapha.

[15:08] Madam: net yavutanso?

[15:08] Amayi: Ine sindinagwedezeke. Ngakhale kuyetsemula ndabweza.

[15:13] Amayi: Awaphanso. Awa akufa msanga kuposa anzawo onse.

[15:19] Amayi: [voice note 0:41] "Mwanawe, ine za masewerawa sindizidziwa. Koma mdani waima pawindo, poyera, ine ndikumuona ndili kuno ku khomo. Amuna akowa akuombera mtengo. Mtengo sunawalakwire chilichonse. Ndiye mphuno yafika pa galasi la kompyuta, kenako abwerera m'mbuyo, kenako atsinzina diso limodzi. Bambo ako ankatero ndi nyuzipepala, akumati osindikiza asiku ano akuchepetsa zilembo."

[15:22] Sniper: break ya 5 min. captain akuti round yotsala ndikafa koyamba basi ndatuluka

[15:22] Madam: ndi game chabe bae

[15:23] Sniper: si game chabe. anyamatawa ndi okhawo amandifunafuna pa weekend. anzanga onse anabalalika, wina ukwati wina kunja. ndikatuluka mu timu ndani andiyimbire

[15:23] Sniper: ndikuopa zenizeni

[15:24] Amayi: Bambo, bwerani mutenge magalasi anga owerengera. Ali m'khosimu.

[15:24] Sniper: zkm amayi koma maso anga ali bho. ndi lag, net ikuchedwa

[15:24] Madam: ping ili pa chani

[15:25] Madam: ndafunsa

[15:25] Sniper: 28

[15:26] Amayi: Ukalamba sugogoda, bambo, umangolowa. Bwerani msanga, ine sindingadzuke, ndasenza.

[15:31] Madam: watenga?

[15:36] Madam: amayi?

[15:40] Madam: anthu inu ndiyankheni, ndalukira munthu mzere wokhota

[15:42] Amayi: [chithunzi]

[15:42] Madam: KKKKKKKK

[15:42] Madam: a pinki aja!! ndi katcheni ka mikanda komwe!!

[15:43] Madam: chithunzi ichi ndifa nacho

[15:43] Amayi: Usawaseke. Apha atatu.

[15:46] Amayi: [voice note 0:12] "Kumanzere bambo! Kuseri kwa galimoto! Eyaaa! Mutsirizeni ameneyo, ngwamwano!"

[15:46] Madam: amayi inu si munali pa pemphero pompano

[15:58] Sniper: TAWINA

[15:58] Sniper: bae tawinaaa. 9 kills. captain akufunsa ngati ndapatsa munthu wina kuti andisewerere

[15:59] Sniper: kodi game imeneyi ili ndi tizilembo pansi? zaka zonsezi ndimayesa ndi udzu

[15:59] Madam: ndiye router ziwiri zija unataya kuti nzachabechabe

[16:00] Sniper: tisakumbe zakale

[16:01] Amayi: Nditsitse kabokosi? Khosi lauma.

[16:01] Sniper: tsitsani amayi pepani pepani. ndikubwera ndi tiyi. Mulungu akudalitseni. chilichonse mungafune mnyumba muno nchanu

[16:03] Madam: lolemba upite ukayezetse maso

[16:03] Sniper: ndaimba kale kwa dokotala wa maso. akuti magalasi amatuluka pakatha masabata awiri. final ili loweruka likubwerali

[16:04] Sniper: amayi mwina mungandibwerekeko awa mpaka loweruka. ndidzakutumizirani pa basi

[16:10] Amayi: Magalasi anga sagona kutali ndi ine, ndimawerengera Baibulo. Mwanawe, ndamuuza mlongo wako kuti asabwere kudzanditenga mawa. Ndikhala mpaka magalasi a bambowa atatuluka. Ndipo pa final ndikufuna zakumakutu zanga, anyamata aja sakumva ndikamawauza.

[16:10] Madam: bae wamva? masabata awiri

[16:11] Sniper akulemba...

[16:14] Sniper akulemba...

[16:19] Sniper: shuga masupuni angati amayi