Felesita Abwerera Kusukulu Lolemba

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Mauwa tilipo. Nandolo wanu wa kuseri kwa nyumba wabereka mpaka nthambi kuwerama, koma chimanga anankafumbwe atilanda. Mng'ono wanga Agi wachira, mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu yomweyo, chisoni chake mwanayo.

Nkhani yandilemetsa mtima ndi ya mdzukulu wanu, mwana wanga Felesita. Matenda ake akugwa aja anamugwira m'kalasi mwezi watha. Anzake anathawa, ndipo makolo ena akuti thovu lake lipatsira ana awo. Achimwene anu, amalume, agamula kuti asiye sukulu azikhala pakhomo. Mukanakhalapo sakanayerekeza. Inu munkamupukuta thovulo ndi dzanja lanu, kenako n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Kuchipatala kumene ndimathandiza anamwino kunabwera adokotala oyendera. Atamva nkhaniyi anandionetsa buku la bambo wina wa ku Ulaya amene anamwalira kalekale. Mukanaseka, amayi. Ali mwana anali wosamva, ankangojambula pamakoma a anthu, mpaka bambo ake anamutumiza kukaphunzira kusoka nsapato kuti mwina asinthe. Sanasinthe. Atakula ankadula ubongo wa nyama ndi wa anthu omwalira mopyapyala, kuuthira mankhwala a mtundu, n'kumauyang'ana pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Zimene ankaona ankazijambula ndi dzanja, zaka ndi zaka, anzake akumutsutsa. Ndinakumbukira mawu anu aja, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anapeza kuti m'mutu mwathu muli timinyewa tosawerengeka, ta nthambi ngati mizu ya udzu, kalikonse pakokha, tikupatsirana uthenga. Adokotala akuti mwa Felesita timeneti nthawi zina timayankhula tonse pakamodzi, ndiye amagwa. Si ufiti, ndipo thovu silipatsira munthu. Amupatsa mapilitsi akumwa tsiku lililonse, ndipo chiyambireni sanagwenso.

Nditamufotokozera Felesita, iye anatola khala n'kujambula timinyewato pakhoma la khitchini, lomwe lija munkamukalipira kuti akulidetsa. Sindinafufute. Ndinalira, amayi, chifukwa mwanayu mutu wake ndi wabwino, ndipo amalume akufuna kuusiya ufote pakhomo.

Mukundidziwa, ine amalume ndimawaopa. Chibadwire sindinawayankhepo. Inu ndinu munkatiyankhulira tonse, ndipo ndakusowani sabata ino kuposa tsiku la maliro anu. Koma Loweruka ndikupita kwawo. Ndikagwada bwinobwino monga munandiphunzitsira, ndikawomba m'manja, kenako ndikawauza kuti ayi.

Yunifolomu ya Felesita ndachapa kale. Ndikukulonjezani kuti Lolemba ndimugwira dzanja mpaka pakhomo la kalasi, ngakhale amalume akwiye.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eneresi