Mwana sitinamutenge, Amayi

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ine ndimangoganiza kuti miyendo ija inasiya kutupa, ndipo mukuyenda bwinobwino popanda ndodo. Kuno tilipo, kungoti kutopa. Mvula yabwera bwino chaka chino. Fodya tinawokera pa nthawi yake ndipo wagwira, koma udzu nawo wagwira kuposa fodyayo. Ndikulemba nditakhala pakhonde dzuwa likadalipo, khasu ndalitsamiritsa kukhoma chifukwa msana wakana.

Ndiyambe ndi zabwino, paja simunkafuna munthu wofikira kudandaula asanapereke moni. Mpongozi wanu Estere anachira mu Seputembala, mwana wamkazi. Mdzukulu munkamudikira zaka zisanu ndi chimodzi uja wabwera inu mutapita. Tinamutcha dzina lanu, Elube. Chipumi ndi chanu chomwe, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira ndikakuyankhani mwano. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri. Denga la khitchini linagwa ndi mvula yoyamba, ndinafolera lina. Azakhali a Nambewe akadali ndi mphamvu, makamaka pakamwa.

Tsopano zina zija. Munapita mukuzidziwa, ngakhale simunazitchule dzina. Ndikabwera kuchokera ku okushoni munkangondiyang'ana n'kunena kuti, "Lameki, fodya wagulitsidwa Lachiwiri, iwe wafika Loweruka. Msewu wa ku Lilongwe watalika liti?" Ine ndinkati galimoto inafera panjira. Galimoto imeneyo inkafa chaka ndi chaka, ndipo inu munkangoti, "Pepa."

Anthu amati ndi chimasomaso basi, nkhani yoseka pa bawo. Kwa ine sichinali choseketsa. Chinayamba ndi mafilimu olaula amene ankandiikira m'foni kumsika, kenako akazi a m'malo ogona alendo. Ndinkatuluka m'zipinda zimenezo ndikudzida, ndikulumbira kuti sindidzapondamonso, koma sabata isanathe ndabwerera. Ngakhale m'tchalitchi, pakamwa pakuimba nyimbo, mutu unkakhala uli komweko. Sindinkawakonda akazi amenewo, Amayi, ena sindikukumbuka n'komwe nkhope zawo. Ndinkangolephera kuleka.

Titakuikani m'manda, pasanathe miyezi iwiri, Estere anaona zimene zinali m'foni, ndipo amayi a pamjigo anamuwonjezera zotsalazo. Ankhoswe anakhala pansi, mpingo unandiika pa chilango n'kundiletsa Mgonero. Estere anavomera kukhala, koma ananena pamaso pa onse kuti, "Kano n'komaliza. Akadzabwereza, musadzandifunse, ndidzangopita kwathu."

Amene ananditola ndi a Makwinja. Mwina mukuwakumbukira, tenanti wa ku Phalombe uja wa pa esiteti ya kutsidya kwa dambo, mkulu wa mpingo wamfupi wa mawu osasa. Anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya, anakhala pansi n'kutenga singano, nayamba kusoka nane. Patapita nthawi anati, "Ine mkazi wanga woyamba ndinamupha ndekha. Matenda ndinamubweretsera kunyumba. Ineyo ndilipo, ndikumwa mankhwala, iye ali kumanda." Palibe mlaliki anandifikapo pamtima ngati mmene anachitira mawu amenewo.

Kuyambira pamenepo timakumana Lachinayi lililonse masana m'chigafa mwawo, amuna anayi a vuto limodzi. Timawerenga salimo, aliyense amanena mmene sabata yamuyendera, kenako timapemphera. Foni ya mafilimu ija ndinaisiya, ndinagula kamabatani. Anandipatsanso lamulo limodzi: chikandigwira, ndiwaflashe. Ndikatero amaimba pompo, kaya ali m'munda. Safunsa zambiri. Amangoti, "Uli pati? Choka pamenepo. Yenda uku tikulankhula." Ndayendapo kuchokera kumsika mpaka kunyumba foni ili kukhutu, iwo akundiuza za mtengo wa nandolo kwawo. Ine ndi Estere tinakayezetsa magazi, tinapezeka tili bwino. Ndinakhala chaka ndi miyezi itatu osagwa, ndipo Elube ndi mwana wa nthawi imeneyo.

Ndinagwa mu Novembala, pa mzere wa fetereza wa makuponi. Ndinakhala padepoti masiku atatu. Lole ikabwera, mavenda ankalowera kuseri, ife tili pamzere kuponderezana. Tsiku lachitatu masana anatseka windo n'kunena kuti watha, tibwerenso mawa. Ndinali ndi njala, ndakwiya, dzuwa landiwamba m'mutu. Ndikudutsa kuseri kwa masitolo, mkazi wina amene ndinkadziwana naye kale anandiitana dzina. Foni ndinaitulutsa, Amayi. Dzina la a Makwinja ndinalipeza, chala chili pabatani. Ndinaibweza m'thumba. Ndikanakonda kunamizira Satana kapena mavenda aja, koma chala chinali changa.

Fetereza ndinapeza mawa lake, matumba awiri, ndinabwera nawo panjinga anthu akundiyamikira kuti ndine mwamuna. Ndinakhala chete masabata asanu ndi limodzi. Lachinayi lililonse ndinkati sabata yayenda bwino. Akulu a mpingo anali atanena kale kuti pa Mgonero ukubwerawu andibwezera, ndipo Estere anali atayamba kundisitira malaya oyera okavala pa Mgoneropo. Ndinkadziuza kuti kamodzi si kanthu, Mulungu ndamupepesa mumtima, zatha.

Kenako azakhali anabwera ndi nkhani yotenga mwana. Mwambowu mukuudziwa kuposa ine. Chibadwire Elube, ine ndi Estere tinkagona kosiyana, ndipo tsopano nthawi inali itakwana yoti tibwererane monga banja, mwana alimbe. Azakhali anandikokera kuseri kwa nkhokwe, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Mawa mutenga mwana. Wayenda bwino miyezi yonseyi? Ukabisa umusempha mwanayu. Atupa miyendo, tiika maliro, ndipo mlandu udzakhala wako."

Pakamwa panga panali pokonzeka kale. Ndazolowera, zaka zonsezi bodza limatuluka lokha ndisanaliganize. Za tsempho sindidziwa, Amayi. Inu munkakhulupirira, abusa amati tisaope, ine ndili pakati. Koma za mkazi wa a Makwinja ndikudziwa. Ndinaona kuti mawa ndikhoza kumupatsa Estere chimene ndinatola kuseri kwa masitolo, iye n'kumuyamwitsa nacho Elube. Ndinaima pamenepo ndikupemphera mawu awiri okha, "Ambuye thandizeni." Kenako ndinati, "Azakhali, sindinayende bwino. Ndikufuna ndimuuze ndekha."

Estere ndinamupeza akuchapa matewera kuseri kwa bafa. Ndinamuuza zonse, tsiku lake ndi malo ake. Sanakuwe. Anapitiriza kufinya thewera limene linali m'manja mpaka linasiya kudontha, analiyanika, kenako anati, "Zina zonse zija ndinkamvera kumjigo. Izi ndamva kwa inu." Mtima wanga unayamba kutsika, ndinayesa kuti ndapulumuka. Koma anapitiriza, "Paja ndinati kano n'komaliza. Sindinkanena zamasewera." Mawa lake mchimwene wake anabwera kudzamutenga. Ali kwawo ku Lisasadzi ndi mwana, lero sabata yachitatu.

Azakhali akuti ndine chitsiru. Akuti ndikanangowauza iwo okha, tikanapeza mankhwala a tsempho mwakachetechete, banja likanakhalapo. Amuna anzanga kumunda akundiseka kuti ndinadzitengera ndekha kubwalo popanda wondisumira. Ndisakubisireni, ndikabwera kuchokera kumunda n'kupeza pakhomo pali zii, chingwe choyanikira chilibe kanthu, ndimagwirizana nawo. Ndimakwiyira ngakhale Mulungu. Ndimati, ndanena zoona monga mumafunira, ndiye malipiro ake ndi amenewa?

A Makwinja ndinawauza Lachinayi lotsatira, pamaso pa anzanga aja. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anangoti, "Ndinkadziwa. Unasiya kundiyang'ana m'maso." Kenako anati, "Ndiye lero ndi tsiku loyamba. Tsegula salimo." Lolemba anandiperekeza kuchipatala. Sanandipeze ndi kanthu, koma akuti ndibwerenso mu Malichi kuti atsimikize. Ndinakauzanso akulu a mpingo, ndipo za Mgonero zaimitsidwa. Ndabwerera pa benchi langa lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamadontha mvula ikagwa.

Ndatopa, Amayi. Ndinkayesa kuti ndikadzipereka kwa Yesu adzachizula kamodzi ngati dzino, ine n'kulavula magazi, basi zatha. Sizinatero. Chimabwerabe, nthawi zina ndili pakati popemphera. Dzana ndinawaflasha a Makwinja katatu tsiku limodzi, ndipo katatu konse anaimba. Chimene chasintha n'choti ndikagwada sindikhalanso ndi mbali ina yobisa. Kale ndinkapemphera mawu ambiri okoma, inu munkati, "Lameki, ukamapemphera chonchi ndimayamba kuwerenga nkhuku zanga." Tsopano mapemphero anga ndi aafupi, ena alibe n'komwe mawu. Koma ndikadzuka pamenepo ndimamva kuti sanandithamangitse.

Dzulo malume ake a Estere anatumiza uthenga. Akuti ndikhoza kupita Loweruka kukaona mwana. Kukaona mwana, osati kukatenga mkazi. Ndifike masana, ndibwerere tsiku lomwelo. Ndipo Estere anawonjezera mawu ake: "Asabwere yekha." Akudziwa kuti kuchokera kuno ku Chulu munthu amatsikira pa boma kuti akwere galimoto ina, ndipo akudziwa zimene zili pafupi ndi siteji.

Poyamba zinandiwawa. Ine bambo wa ndevu zanga, kuperekezedwa ngati mwana woyamba sukulu? Ndinakhala nazo tsiku lonse m'mizere ya fodya. Pomaliza ndinawoloka dambo kukawapempha a Makwinja. Apita kale kwa kapitawo kukapempha tsikulo, ndipo akuti avala jekete lawo la kutchalitchi kuti akwawo kwa Estere asayese kuti ndangotola munthu panjira.

Sindikudziwa ngati Estere adzabwerere. Akakana, sindidzamuimba mlandu, ndipo inunso musamuimbe. Anakusamalirani mukudwala pamene ine mwana wanu ndinali m'galimoto zakufa zija. Ndikakhala naye pansi sindimupempha kanthu, sindimulonjeza zambiri, wamva malonjezo anga okwanira. Ndimufunsa ngati mwana akuyamwa bwino, ndimuuza za Malichi, ndimuuzanso kuti dzana ndinaflasha katatu.

Inunso sindikulonjezani za moyo wonse, ngakhale za chaka chino. Ndinakulonjezani zotero kangapo muli moyo, mukudziwa mmene zinathera. Ndikulonjezani za Loweruka lokha. Ndidzatsika pa boma, ndidzayenda pambali pa a Makwinja mpaka pagalimoto inayo, ndipo ndikadzamunyamula Elube, manja anga adzakhala oti angathe kunyamula mwana.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri masiku ano.

Ndine mwana wanu,
Lameki