Sadaka ya Zaheer

Lolemba, 7 Novembala 2016. Barrackpore, Trinidad

Mvula kuyambira m'mawa. Mayunifolomu a ana asukulu sindinawakhudze, makina osokera ali chivindikirire. Mapiritsi a BP ndamwa.

Sadaka ya masiku makumi anayi ya Zaheer ikugwa Lamulungu pa 27. Ndawerengera kuyambira tsiku lija inabwera foni yochokera ku Syria. Mawu a munthu wosamudziwa: mwana wanu wafa. Mtembo palibe. Manda palibe. Sindinamuone nkhope. Chatsala m'manja mwanga ndi sadaka yokha, ndipo ndichita.

Lachinayi, 10 Novembala

Kunabwera Jameel, mnzake wa Zaheer amene ankapita naye kumapemphero awo aja a kuseri kwa galaja. Ndevu mpaka pachifuwa. Mwana woti kabudula wake woyamba wa sukulu ndinasoka ndine. Akuti, "Amayi, sangalalani, munabala shahidi. Wofera chipembedzo salirirwa. Ndipo za sadakazi n'zopeka za agogo athu, mwini wake ankadana nazo."

N'zoona ankadana nazo. Pa sadaka ya bambo ake anakana kudya maleeda, timibulu totsekemera ta ufa, amene ndinaumba ndi manja angawa, akuti n'zachikunja.

Ndinamufunsa Jameel kuti ngati ku Syriako n'kokoma chotero, iye akutani kuno kumata matayala? Ndege inamusiya? Ndinamuuza kuti mawu akuti shahidi asadzalowenso pageti panga. Anachoka. Ndinakhala pansi m'khitchini, pasimenti.

Lachisanu, 11 Novembala

Alamu a Haniff, akulu awo a malemu amuna anga, a m'komiti ya mzikiti. Anadzera pano pochokera ku swala kumzikiti. Mpando anakana.

"Mlamu, ukufuna kutiika m'nyuzipepala? Apolisi adzajambula aliyense wolowa pano. Mwana wanga akudikira viza ya ku Canada." Akuti komiti yagwirizana, a imamu sabwera. Akuti pawailesi anthu akunena kale kuti Asilamu tonse timawombera m'manja anthu odula anzawo mitu, ndiye sadakayi iwapatsa umboni.

Ine sindiwombera m'manja munthu. Zimene anapita kukachita Zaheer n'zoipa, ndinamuuza pamaso asananyamuke. Pasipoti ndinamubisira, anakatenga ina. Koma amene amafunika duwa, pemphero lopempha chikhululuko, ndi wochimwa. Ndinati oyera ngati inu, alamu, mudzangolowa osagogoda.

Sanaseke.

Lachiwiri, 15 Novembala

Ufa, shuga, batala, mphesa zouma: ndagula. Za mbuzi ndagwirizana ndi a Boysie. Mipando ndi tenti sindinapezebe, mwini wake sakuyankha foni yanga.

Ndayenda khomo ndi khomo kuitana anthu. Sadaka saitanira pafoni, mayi anga akanadzuka m'manda. Ena avomera maso ali kumbali. Nazroon, amene tinakulira limodzi, anatsegula zenera lokha. Tanty Dolly, oyandikana nawo, Mhindu: "Ine ndibwera kudzakanda ufa. Apolisiwo andijambule mbali ino, inayi kulibe mano."

Ndaseka. Koyamba.

Loweruka, 19 Novembala

A imamu abwera okha, wapansi. Galimoto anaisiya kutali. Munthu wabwino, wamantha ngati ine ndemwe. Nzeru yawo: sadaka tiitche ya malemu amuna anga, Zaheer aliyense amutchule mumtima. "Mulungu amamva za mumtima, chemwali Shairoon. Komiti siingakane sadaka ya a Hamid."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Anthu akanadzaza, alamu akanakhala kutsogolo. Ndinapita kukateleka tiyi, ndikuganiza. A Hamid yawo inachitika, dzina lawo linatchulidwa mokweza. Ndiye mwana ndimuzembetse kumsana kwa bambo ake ngati katundu wakuba?

Ndinabwera ndi tiyi, n'kunena kuti ayi. Dzina litchulidwe. Amupemphere chikhululuko, osati kumutamanda. Ndipo apempherere anthu amene iye anawapha, kaya ndi angati, kaya ndi a chipembedzo chanji. Nawonso ali ndi amayi awo.

Anati dzinalo likwiyitsa komiti, mawu enawo akwiyitsa anyamata a Jameel, ndipo anyamata amenewo si oseweretsa. Ndinati ndiye zawakwanira onse. Ndawapempha andiyankhe lisanafike Lachisanu.

Tiyi sanamalize.

Lachitatu, 23 Novembala

Wina waponya mwala padenga masana. Kaya ndi a mbali iti. Lata labooka pamwamba pa bafa. Ndaika ndowa.

Tenti yapezeka kwa m'bale wake wa Tanty Dolly, ya maukwati, yofiira. Ikhale yomweyo.

Lachisanu, 25 Novembala

Yankho la a imamu palibe.

Mutu ukuwawa kumbuyoku. BP yakwera. Ndatsitsa Kurani ya a Hamid pamwamba pa kabati. Sukulu ndinalekera sitandade 5, Chiarabu ndi cha kumadrasa ndili kamtsikana. Ndayeserera sura ya Yasini, ndikukakamira pamalo omwewo nthawi zonse. Mkazi kutsogolera duwa pa sadaka sindinaonepo. Sindinamvenso kuti denga linagwera munthu chifukwa cha zimenezo.

Mbuzi yabwera. Yowonda kusiyana ndi imene anandionetsa.

Lamulungu, 27 Novembala

Roti, nyama, maleeda, zonse zapsa nthawi yabwino. Mbali ya amuna mipando ili mbee. Abwera akazi okhaokha, ochepa. Nazroon ali pakona, nkhope wakutira. Fareeda, mkazi wa alamu a Haniff, walowera kuseri. Akuti kunyumba wanena kuti wapita kumsika.

Galimoto yoyera yaima pafupi ndi sitolo kuyambira m'mawa, magalasi otseka. Jameel ndi anzake ali tsidya la msewu, manja m'matumba.

A imamu sanabwere.

Ndauza Tanty Dolly akweze nsalu za m'mbali mwa tenti. Mawu anga samveka patali, koma msewu suli kutali. Ndatawasa, kusamba kokonzekera pemphero. Ndatsegula Kurani, duwa nditsogolera ndekha.

Zaheer, mwana wa Shairoon, wochimwa. Ndiyambira pamenepo.