Masitepe Khumi ndi Anayi

Okondedwa achemwali anga,

Pukutani m'manja musanagwire pepalali, ndipo ngati mwakhala pansi imirirani. Amene akukulemberaniyu si munthu wamba ayi. Ndi Nduna Yaikulu Yoona za Matewera, Dokotala wa Maambulera Othyoka, mwini maphunziro a Sitandade 4 amene anawabwereza katatu chifukwa aphunzitsi sankafuna kusiyana naye. Mwamaliza kunjenjemera? Khalani pansi tsono, pakuti zotsatirazi si zomvera chiimire.

Muli bwanji kumeneko? Bondo lanu lija likadaloserabe mvula? Kuno tili moyo, koma ndikati tili bwino ndinama, ndipo mukundidziwa kuti ine ndimanama zoseketsa zokhazokha.

Nkhani ndi ya Abwana, mdzukulu wathu wa miyezi inayi uja, mwana wa Mzime wanga. Ndinawatcha Abwana chifukwa akangolira tonse timathamanga, malipiro ake n'kukhala mkodzo pa malaya. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi ali m'chipatala. Anathyoka fupa la ntchafu yakumanzere. Miyendo yonse iwiri aikoleka m'mwamba ndi zingwe, matako osakhudza matiresi, ndipo akandiona amasekabe ndi nkhama zawo zija. Kusekako ndiko kukundipha.

Mukudziwa kuti timakhala chipinda chapamwamba, ndipo kuti ufike pansi pamene ndimakonzera maambulera pali masitepe khumi ndi anayi. Lachiwiri la sabata yatha, cha m'ma teni m'mawa, ndinawanyamula Abwana kuti akaothere dzuwa, amayi awo asokeko mayunifomu a anthu mwamtendere. Pa sitepe yachisanu ndi chiwiri patapata wanga anandipandukira. Otsalawo ndinatsika ndi bondo, mwana ali pansi pa mkono wanga. Chilonda ndili nacho, chachikulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Nkhaniyi ndaifotokoza kwa namwino, kwa dokotala, kwa wina wa fayilo, ndipo sinasinthe ngakhale sitepe imodzi.

Dokotala wake ndi mtsikana wa magalasi, ine ndamutcha Dokotala Saseka. Ndinamuuza kuti ine ndi iye ndife amisiri a ntchito imodzi, tonse timalumikiza zothyoka, kungoti odwala anga salira. Sanagwedeze ngakhale mlomo. Anati tisakhumudwe ndi mafunso, amafunsa aliyense. Akuti mwana woyenda amadzigwetsa yekha tsiku lililonse, koma khanda losakwawa, losatha n'kugubuduka komwe, limakhala pamene munthu wamkulu waliika, ndiye likathyoka payenera kukhala munthu wamkulu woti afotokoze. Anandifunsa mkono umene ndinanyamulira, kumene mwendo unaloza, ngati mwana analira pompo. Pomaliza anavomera kuti kugwa ndi munthu wamkulu pa masitepe kungathyoledi ntchafu. Ndinapuma mpweya wa sabata yathunthu. Ndiye anawonjeza kuti mwa lamulo ajambula mafupa onse, kuyambira mutu mpaka zala.

Mawa lake anatiitanira m'kachipinda kena. Achemwali, mukadzaona chipinda cha ku chipatala chimene pa tebulo pali bokosi la tishu, musadzalowemo. Anatisonyeza nthiti zitatu za kumbuyo, pafupi ndi msana, iliyonse ili ndi kamfundo ngati pamene ine ndawotcherera waya. Akuti timfundoto ndi fupa latsopano, kusonyeza kuti zinathyoka kale, masabata atatu kapena kuposa, ndipo zayamba kupola zokha. Masitepe a Lachiwiri sangathyole nthiti mwezi watha. Anati nthiti za khanda n'zofewa, sizithyoka wamba, ndipo pamalo amenewo kawirikawiri zimathyoka munthu akalifinya pachifuwa ndi manja awiri. Anatambasula manja ake m'malere kutionetsa. Mzime anangoyang'ana pansi.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi. Akuti alipo ana obadwa ndi mafupa osalimba, ndiye anatenga magazi, anayeza maso, natifunsa ngati kumtundu kwathu anthu amathyoka chisawawa. Ndinamuuza za amalume athu aja. Analemba mwachangu, koma nditawonjeza kuti anagwa mumtengo ataledzera, anatseka cholembera. Munamvapo gogo akugwada kupempherera mdzukulu wake kuti apezeke ndi matenda? Ine ndinatero masiku anayi, bondo lachilondali lili pa simenti. Zotsatira zabwera dzana. Palibe chosonyeza matenda. Mafupa a Abwana akuoneka olimba ngati a wina aliyense.

Mkamwini musamuganizire. Ali pa msewu ndi lole kunja kwa dziko, ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri, ndipo pa foni amangolira ngati mwana. Ndiye werengani nokha, inu amene munafika Sitandade 8. M'nyumba muja akuluakulu tilimo awiri.

Mzime watha, achemwali. Diresi lija munamusokera likungolendewera. Amakhala pambali pa bedi tsiku lonse, koma saloledwa kutsala yekha ndi mwana, namwino amakhala pomwepo akunamizira kukonza nsalu. Abwana chibadwire ndi olira, a m'mimba mopota, ndipo miyezi yonseyi mayi wawo sanagonepo tulo tokwanira, uku eni mayunifomu akugogoda pachitseko. Tsiku lina anandiuza kuti mutu wake ukulira ngati makina osokera. Ine ndinamuyankha kuti apirire, tikulera woimba kwaya wamkulu. Ndinaseka ndekha n'kutsikira ku maambulera anga.

Dzulo kunabwera mayi wa ku ofesi yoteteza ana. Anayang'ana manja anga a pulayala awa nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndimapsa mtima mwana akamalira, ndiponso ngati ndimamwa. Ndinati ndimamwa tiyi, koma moledzeretsa. Analemba. Anthu awa amalemba chilichonse. Anati apolisi andiitana, ndipo malinga ndi mmene zikuonekera, ine ndikasamuka m'nyumbamo n'kulonjeza kusayandikira, mwana atha kubwerera kwa mayi wake akatuluka. Anati njira ina ndi yakuti papezeke wachibale wokhala kwina, woti amusunge mpaka kufufuza kuthe. Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti amasule zingwe.

Kusamukako sikundiopsa. Ndagonapo m'makhonde a masitolo ndili mnyamata. Ngakhale za aneba ndapirira. Mayi wa chipinda chapansi, amene ana ake ndimawapangira tigalimoto ta waya wa maambulera, tsopano akandiona amawakokera m'nyumba ngati kwabwera galu wachiwewe. Mvula ikugwa tsiku lililonse koma palibe wabweretsa ambulera. Anthu akulolera kunyowa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani masiku khumi ndi awiriwo asanathe, mudzauze mayi wa ku ofesi uja kuti Abwana muwasunga inu. Ndikudziwa kuti bondo lanu silikondana ndi basi, ndipo munanena kuti matewera munatsazikana nawo. Koma mutu umodzi susenza denga, makamaka wadazi ngati wangawu. Munalera ife mayi atamwalira, palibe anathyoka chala.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chipewa chawo ndinabwereka chija chili bwino ndipo sichikuwasowa. Moni kwa ana anu onse, kwa apongozi anu, kwa adzukulu, ndi kwa mng'ono wathu ngati wayamba kuyankha moni. Za nkhaniyi musawauze kaye.

Tsalani bwino. Ndine mlongo wanu wovuta uja,

Nduna ya Matewera, yochotsedwa pa udindo.

Ndinamata kale envelopu, ndaing'ambanso. Simungabwere osadziwa chimene mukudzatchinga.

Za masitepe zija ndinapeka. Sindinagwe. Lachiwiri lija ndinali pansi, ambulera ili pamiyendo, Abwana akulira pamwamba monga mwa masiku onse. Ndinamva makina osokera aima. Kenaka kunamveka kulira kwina, kumene sindinakumvepo, ndipo masitepe khumi ndi anayi aja ndinawakwera ngati mnyamata. Ndinapeza mwana pa bedi, mwendo utagona mokhota, Mzime ataima kukhoma manja ali kutali ndi thupi lake ngati si ake. Anangoti, "Ababa, ndimangomusintha thewera." Sindinafunse china. Ndinamuuza kuti tikanena kuti ndagwa naye ine. Potsika ndinakwecha bondo langa pa simenti mpaka magazi, ndipo ndinasankha sitepe yachisanu ndi chiwiri chifukwa ndi yobenthuka.

Za nthiti sindinkadziwa. Ndinkayesa ndikubisa tsoka la tsiku limodzi. Tsopano akandikhulupirira, andichotsa ine, n'kubweza mwanayo m'chipinda chija, awiriwiri ndi mayi wake amene akudwala mosaoneka, pansi popanda womvera makina akaima. Ndikanena zoona, ndapereka mwana wanga ndi pakamwa panga. Kawiri ndafika pachitseko cha Dokotala Saseka, kawiri ndamufunsa njira ya kuchimbudzi.

Bwerani mudzandigwire mkono pokanena, ndekha ndalephera. Ndanama moyo wanga wonse, achemwali, anthu n'kumaseka, palibe ankakhulupirira. Bodza ili lokha ndilo akhulupirira.